Kodi boma la Britain linayamba kuthandiza osauka chifukwa cha chifundo kapena mavoti?

Funso

Ndine mphunzitsi wa mbiri yakale pa sekondale ina ku Ntcheu. Tsiku lina tikumwa tiyi mu ofesi ya aphunzitsi tinakangana pa nkhani ya Mtukula Pakhomo. Mnzanga wina anati palibe boma padziko pano lomwe linapatsapo osauka ndalama chifukwa chowamvera chisoni, akuti zonsezi ndi kusaka mavoti basi. Ine ndinatsutsa, n'kupereka chitsanzo cha Britain, komwe boma linayamba kudyetsa ana a sukulu ndi kupereka penshoni kwa okalamba pakati pa 1906 ndi 1911. Anandiseka. Kodi chinachititsa boma limenelo kuchita zimenezi n'chiyani kwenikweni? Wolondola ndani pakati pa ife awiri?

Yankho

Aphunzitsi, ndayamika funso lanu, ndipo ndikanakonda ndikanakhalapo tsiku la mkanganolo. Mnzanuyo ali ndi mfundo, koma wafulumira kutseka nkhani. Inunso chitsanzo mwasankhacho n'chabwino, kungoti mukachiyang'anitsitsa chikhoza kukutembenukirani. Ine ndimaiona chonchi: anthu achifundo analipo ku Britain, ndipo popanda iwo malamulo amenewa sakanalembedwa momwe analembedwera. Koma chifundocho chinalipo kwa zaka zambirimbiri osasuntha kanthu. Boma linadzuka pamene umphawi unayamba kuluma zinthu zimene olamulira ankazikonda, monga gulu lawo la nkhondo, mafakitale awo ndi mipando yawo m'nyumba ya malamulo. Mavoti ndi mbali imodzi chabe ya mantha amenewa.

Ambiri amaganiza kuti 1906 isanafike boma la kumeneko silinkachita kanthu pa amphawi. Linkachita, koma mwankhanza. Kuyambira 1601, m'nthawi ya Mfumukazi Elizabeth Woyamba, parishi iliyonse inkatolera msonkho wothandizira amphawi ake. Mu 1834 analisintha lamulolo ati thandizo likulemetsa okhoma msonkho komanso likuphunzitsa anthu ulesi. Mfundo yatsopano inali yakuti wolandira thandizo azivutika kuposa waganyu wosaukitsitsa amene akudzidyetsa yekha, kuti munthu aziganiza kawiri asanapemphe. Ndiye anamanga nyumba za amphawi zotchedwa workhouse. Banja likalowa pachipata, bambo mbali yake, mayi mbali yake, ana mbali yawo. Zovala zawo ankawavula n'kuwaveka yunifomu, ntchito yake kuswa miyala ndi kumasula zingwe zakale za zombo. Mu 1845 kunabuka nkhani ku Andover: anthu amene anapatsidwa ntchito yophwanya mafupa a nyama opangira feteleza anapezeka akulimbirana mafupa owolawo kuti akukute timinofu totsalira ndi kuyamwa mafuta a m'kati. Si onse ankalowa m'nyumbazi, ambiri ankalandira tindalama tochepa ali kwawo, koma manyazi ake anali amodzimodzi, ndipo mwamuna wolandira thandizo lotere ankalandidwa ufulu wovota. Nkhalamba zambiri zinkasankha kugona ndi njala kusiyana n'kukathera kumeneko.

Pansi pa zonsezi panali chikhulupiriro chakuti munthu amasauka chifukwa cha khalidwe lake: ulesi, mowa, juga, kusadziwa kusunga. Amene anachigwedeza chikhulupirirochi anali anthu awiri olemera. Charles Booth anali mwini kampani ya zombo wa ku Liverpool. Mu 1886 anayamba kafukufuku wa anthu a mu London, msewu ndi msewu, ndi ndalama za m'thumba mwake. Anajambula mapu n'kupaka msewu uliwonse mtundu wake, wakuda kwa osaukitsitsa, wachikasu kwa olemera, ndipo anapeza kuti anthu pafupifupi 30 mwa 100 alionse mumzinda wolemera koposa padziko nthawi imeneyo anali amphawi. Ena anati, aa, ndi London imeneyo, mzinda wa anthu obwera. Pamenepo Seebohm Rowntree, mwana wa banja lopanga chokoleti ku York, wa mpingo wa Quaker, anachita wake kafukufuku mu 1899 m'tauni ya kwawo, khomo ndi khomo, mabanja oposa 11,000. Zotsatira zinatuluka mu 1901: pafupifupi 28 mwa 100.

Ndalama za nthawi imeneyo ndi zomwe agogo athu ankagwiritsa ntchito kwacha isanabwere mu 1971: makobiri 12 ndi sheleni imodzi, masheleni 20 ndi paundi imodzi. Rowntree anawerengera kuti banja la bambo, mayi ndi ana atatu linkafunika masheleni 21 ndi makobiri 8 pa sabata kuti lingokhala ndi mphamvu zogwirira ntchito. Koma kuti likwanitse pa ndalama imeneyo, lisakwere sitima, lisagule nyuzipepala, lisalembere kalata mwana amene ali kutali chifukwa sitampa ndi ndalama, lisaponye kanthu m'mbale ya chopereka ku tchalitchi, ana asagulidwe ngakhale switi, bambo asasute fodya kapena kulawa mowa, ndipo asajombe ku ntchito ngakhale tsiku limodzi. Chimene chinawawa kwambiri anthu a chikhulupiriro chija n'chakuti pafupifupi theka la osaukitsitsa a ku York anali m'mabanja amene bambo ankadzukira ku ntchito tsiku ndi tsiku, kungoti malipiro ake anali osakwanira. Otsalawo ambiri anali amasiye, odwala, okalamba ndi mabanja a ana ochuluka. Anaonetsanso kuti wantchito wamba amagwa mu umphawi katatu pa moyo wake: ali mwana, akakwatira ana ake akadali aang'ono, ndi akakalamba.

Pamenepa, Aphunzitsi, mwapeza chida chomutsutsira mnzanuyo, chifukwa Booth ndi Rowntree sankasaka voti ya munthu. Koma taonani zaka. Buku loyamba la Booth linatuluka mu 1889, ndipo kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1890 iye anali akulalikira kale za penshoni ya okalamba. Denmark inayamba kupereka mu 1891, New Zealand mu 1898. Ku Britain makomiti anakhala pansi, kumva maumboni, kulemba malipoti, n'kumwazikana. Penshoni inadzaperekedwa mu 1909. Zaka 20 zathunthu chilungamo chikudziwika, ndalama osatuluka. Ndiye tiyenera kufunsa chimene chinachitika pakati apa.

Chinachitika ndi nkhondo, ndipo inachitikira kuno kummwera kwa Africa. Nkhondo ya Mabunu inayamba mu October 1899 n'kutha mu May 1902. Ufumu waukulu koposa padziko unkayembekezera kumaliza alimi aja m'miyezi yochepa, koma unatenga pafupifupi zaka zitatu, asilikali cha m'ma 450,000 ndi ndalama zoposa mapaundi 200 miliyoni. Ndalama zimene ankati palibe za penshoni zinapezeka za mfuti. Chimene chinawadzidzimutsa koposa chinali pa malo olembera asilikali. Nkhani imene inafala m'manyuzipepala inali ya ku Manchester, yoti mwa anyamata pafupifupi 11,000 amene anadzipereka mu 1899, okwana 8,000 anabwezedwa chifukwa matupi awo sanali oyenera. Anali aafupi, owonda, a zifuwa zopanikizika, a mano owola osatha kutafuna bisiketi youma ya asilikali. Anyamata amenewa ndi ana a m'misewu yofanana ndi yakuda ija ya pa mapu a Booth, atakula. Boma linakhazikitsa komiti yofufuza za kufooka kwa matupi a anthu, ndipo lipoti lake la 1904 linati mtundu sunawonongeke m'magazi ayi, vuto ndi zakudya, nyumba zothithikana ndi utsi. Linalimbikitsa kuti ana anjala azidyetsedwa ndiponso kuti ana a sukulu aziyezedwa ndi madokotala.

Nthawi yomweyo Germany inali itaposa Britain pa kupanga zitsulo kuyambira m'zaka za m'ma 1890, America inali itapitirira kale, ndipo Germany inali itayamba kumanga zombo zankhondo. Anthu amene sanakhetsepo msozi chifukwa cha mwana wa mmphawi anayamba kufunsa kuti, kodi mawa adzanyamula mfuti ndani, adzayendetsa makina ndani? Apa ndi pamene mfundo ya mnzanuyo ikuperewera. Mwana wa zaka 7 savota. Ankamudyetsa chifukwa ankaona msilikali ndi wantchito wa m'fakitale mwa iye, ndipo mwa mtsikana ankaona mayi wodzabereka asilikali ena. Chifundo sichinali chokhacho chimene chinali m'mbale ya phala ija, koma voti munalibe.

Germany yomweyo ndi imene inaonetsa njira, ndipo nkhani yake ndi yosabisa. Otto von Bismarck, mtsogoleri wa boma la Germany nthawi imeneyo, sanali munthu wofewa mtima. Mu 1878, anthu awiri atayesa kupha mfumu ya dzikolo, Kaiser Wilhelm Woyamba, iye anapezerapo mwayi wokhazikitsa lamulo loletsa misonkhano, mabungwe ndi nyuzipepala za chipani cha sosholizimu. Kenako ndi dzanja linalo anapereka inshulansi ya matenda mu 1883, ya ngozi za pa ntchito mu 1884, ndi penshoni ya okalamba ndi olumala mu 1889. Sankabisa kuti cholinga chake n'chakuti wantchito amene akuyembekezera penshoni kuchokera ku boma akhale ndi chifukwa chosafunira kuti bomalo ligwe. Akuluakulu anati kupatsa n'kuika, ndipo Bismarck ankaika ndithu, akudziwa chimene akufuna kudzatenga. Sizinamuyendere: pa chisankho cha 1890 chipani chomwe ankachiponderezacho chinapeza mavoti ochuluka kuposa china chilichonse, ndipo mu 1912 chinakhala chachikulu m'nyumba ya malamulo ya Reichstag. Koma inshulansi inatsala, ndipo mu August 1908 David Lloyd George, atangokhala nduna ya zachuma ku Britain, anapita iye mwini ku Germany kukaona momwe ikuyendera. Kumapeto kwa chaka chomwecho Winston Churchill, amene nthawi imeneyo anali wa chipani cholamula cha Liberal, analembera nduna yaikulu Herbert Asquith kumulimbikitsa kuti atengere njira ya Bismarck, ndipo sanabise kuti Germany yakonzekera nkhondo ndi mtendere womwe pamene Britain sinakonzeke.

Tsopano tibwere pa mavoti, chifukwa mnzanuyo sitingamusiye chimanjamanja. Malamulo a 1867 ndi 1884 anapatsa ufulu wovota amuna ambiri ogwira ntchito, mpaka amuna pafupifupi 6 mwa 10 alionse ankavota. Mu 1900 mabungwe a antchito ndi magulu a sosholizimu anapanga komiti yoti izitumiza anthu awoawo ku nyumba ya malamulo. Chaka chimenecho anapambana awiri okha, mmodzi wa iwo Keir Hardie. Mu 1906 anapambana 29, n'kudzitcha chipani cha Labour. A Liberal anapambana chisankho chimenecho mochititsa kaso, mipando pafupifupi 400, koma mukawerenga zimene ankalalikira pa kampeni mupeza malonda opanda msonkho wa pa malire, nkhani ya sukulu za mipingo, ndi nkhani ya antchito a ku China amene anatengeredwa ku migodi ya ku Transvaal ku South Africa. Atsogoleri awo sanalonjeze penshoni. Ngakhale lamulo la chakudya cha ana a sukulu la 1906 silinachokere ku boma. Analibweretsa ndi phungu wa Labour, William Wilson, boma n'kungolilandira.

Zinthu zinathamanga 1907 itafika. Mu July chaka chimenecho a Liberal anataya mipando iwiri pa zisankho zapadera, wa Jarrow kwa munthu wa Labour ndi wa Colne Valley kwa mnyamata wa sosholizimu Victor Grayson. Awa anali madera a antchito amene a Liberal ankawayesa awoawo. Chaka chotsatira lamulo la penshoni linadutsa. Sindikunena kuti mipando iwiriyo ndi imene inabala penshoni, chifukwa Asquith anali atayamba kale kupatula ndalama zake mu bajeti ya 1907, koma aliyense amene anaonapo momwe chipani cholamula chimachitira chikataya mpando pa chisankho chapadera akudziwa kuti mafayilo ogona amadzuka.

Koma mfundo ya mavoti ili ndi mabowo ake, ndipo ndikufuna muwadziwe musanabwerere ku ofesi ija. Olandira penshoni ambiri anali amayi, ndipo amayi sanavote pa zisankho za nyumba ya malamulo mpaka 1918. Osaukitsitsa ambiri, amene ankasamukasamuka kapena kulandira thandizo la parishi, analibenso voti. Mnzanuyo angayankhe kuti ana aamuna a nkhalambazo ankavota, ndipo ndi amene ankapepukidwa katundu wosamala makolo. Ndi zoona. Koma bowo lalikulu ndi lakuti antchito ambiri sankazifuna zina mwa zimenezi. Anali ndi mabungwe awoawo othandizana, momwe ankasonkha makobiri sabata ndi sabata kuti wina akadwala kapena akamwalira athandizidwe, zofananako ndi magulu athu a chipereganyu ndi a maliro, kungoti awo anali aakulu, a mamembala mamiliyoni. Mabungwe amenewa ankaona boma ngati lobwera kudzawalanda ntchito. Kwa wantchito wamba, boma linali wapolisi, woyang'anira workhouse ndi munthu wogogoda pakhomo kufunsa chifukwa chimene mwana sanapite ku sukulu. Boma lotere likayamba kumwetulira, munthu amakumbuka kuti mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Ambiri ankati tipatseni malipiro okwanira, zinazo tidzionera tokha.

Ndipo ngati cholinga chinali mavoti, phindu lake linali lochepa. Kuti alipire penshoni pamodzi ndi zombo zankhondo zatsopano, Lloyd George anabweretsa bajeti ya 1909 yokweza msonkho wa olemera, kuwonjezera wapadera kwa opeza zoposa mapaundi 5,000 pa chaka, ndi misonkho ya malo. Nyumba ya mabwana ya House of Lords inaikana mu November 1909. Kunachitika zisankho ziwiri mu 1910, ndipo a Liberal anataya mipando yoposa 100, n'kuyamba kulamula modalira aphungu a ku Ireland ndi a Labour. Pofika 1922 Labour inali itawaposa, ndipo mu 1924 inapanga boma lake loyamba.

Anthu enieniwo nawonso sanali a mtima umodzi. Lloyd George bambo ake anamwalira iye ali khanda, ndipo analeredwa ndi amalume ake, Richard Lloyd, wosoka nsapato m'mudzi wa Llanystumdwy ku Wales. Sanagonepo ndi njala kwenikweni, koma ankadziwa chimene chimachitika pakhomo wopezera banja chakudya akagwa, ndipo eni malo olemera ankadana nawo kuchokera pansi pa mtima. Analinso wandale wochenjera kwambiri wofuna kukwera. Churchill anabadwira m'nyumba yachifumu ya Blenheim, umphawi anauwerenga m'buku la Rowntree, ndipo chimene chinkamudetsa nkhawa kwambiri chinali mphamvu ya ufumu. Ku Bradford kunali Margaret McMillan ndi Fred Jowett, amene anamenyera nkhondo chakudya cha ana kwa zaka zambiri chifukwa ankawaona okha ana akulephera kumva za m'kalasi ndi njala. Inu mukudziwa bwino kusiyana kwa kalasi ya ana amene amwa phala ndi ya amene sanalawe kanthu. Kunalinso anthu ophunzira monga L. T. Hobhouse ndi J. A. Hobson amene ankaphunzitsa a Liberal anzawo kuti ufulu wa munthu wanjala ndi wodwala ndi wa pakamwa chabe. Onsewa anavotera malamulo amodzi pa zifukwa zosiyana.

Njira imene ine ndimaikhulupirira pofuna kudziwa cholinga cha boma si kuwerenga zolankhula za nduna. Ndimawerenga lamulo lenilenilo n'kufunsa kuti alandira ndani, zingati, ndipo asiyidwa ndani. Tiyese pa penshoni. Inayamba kuperekedwa Lachisanu pa 1 January 1909, masheleni 5 pa sabata kwa munthu wa zaka 70 kupita m'tsogolo amene ankapeza zosaposa mapaundi 21 pa chaka. Wopeza zoposerapo ankalandira zochepa, ndipo wopitirira mapaundi 31 ndi masheleni 10 sankalandira kanthu. Zaka 70 sanazisankhe chifukwa munthu amatopa pa msinkhu umenewo. Booth poyamba ankafuna 65, ndipo mabungwe a antchito nawonso ankafuna zaka zochepera 70. Anasankha 70 chifukwa antchito ambiri a ntchito zolemetsa sankafika pamenepo, ndiye mtengo wake unali wotsika. Masheleni 5 nawonso sanali oti munthu n'kukhalira okha. Kuwonjezera apo, amene anakhalapo m'ndende m'zaka 10 zapitazo sankalandira, amene ankadziwika kuti sankagwira ntchito pamene akanatha sankalandira, ndipo poyamba ngakhale amene ankalandira thandizo la parishi sankalandira, mpaka anachotsa chiletsochi mu 1911. Chikhulupiriro chija cha 1834, chosiyanitsa mmphawi woyenera ndi wosayenera, chinali chikadali moyo.

Komabe panali chinthu chimodzi chimene ndimachilemekeza. Penshoniyi sinali yosonkhera, inkachokera ku msonkho wa dziko lonse, ndipo ankakalandirira ku positi ofesi. Agogo ankatenga kabuku kawo, n'kukaima pamzere womwewo ndi wogula sitampa ndi wotumiza ndalama, wa pa kauntala n'kung'amba tsamba la sabata imeneyo n'kuwawerengera ndalama m'manja. Sankapita kwa woyang'anira amphawi kukagwada, sankalandidwa voti, sankavekedwa yunifomu. Amene anakonza zimenezi ankadziwa kuti manyazi amawawa ngati njala. Anthu oposa theka la miliyoni anabwera m'chaka choyamba, kuposa mmene boma linkayembekezera, chifukwa kunali nkhalamba zambiri zimene zinkavutika mwakachetechete osafuna kudziwika ku parishi.

Mbali ina ya chiwerengero chimenechi inachokera ku Ireland, ndipo nkhani yake ikhoza kuwasangalatsa ana anu m'kalasi. Kumeneko boma linayamba kulemba kubadwa kwa ana onse mu 1864, ndiye munthu wa zaka 70 mu 1909 analibe chikalata cha boma chotsimikizira msinkhu wake. Njira imodzi imene ankagwiritsa ntchito inali kufunsa munthu ngati akukumbuka usiku wa chimphepo choopsa chimene chinasasula madenga pa 6 January 1839. Mungaganize nokha kuchuluka kwa anthu amene anachikumbuka bwinobwino chimphepocho. Aliyense amene analembapo mayina a okalamba kumudzi kwathu kuno, n'kumafunsa kuti pa njala ya 1949 munali msinkhu wanji, aimvetsa nkhaniyi.

Lamulo la inshulansi la 1911 ndi limene limaulula zambiri. Wantchito wamwamuna ankadulidwa makobiri 4 pa sabata, wamkazi 3, bwana ankawonjezera 3, boma 2. Bwana ankagula masitampa ku positi ofesi n'kumamata pa khadi la wantchito. Lloyd George ankalengeza kuti munthu akupeza makobiri 9 polipira 4. Wantchito wamwamuna akadwala ankalandira masheleni 10 pa sabata kwa masabata 26 ndipo ankaonana ndi dokotala osalipira. Koma mkazi wake amene sanali pa ntchito ndi ana ake sankaonedwa ndi dokotalayo. Chimene banja linkapeza ndi masheleni 30 mwana akabadwa. Lamulo lolembedwa ndi chifundo chokha likanayambira pa mwana wodwala. Ili linayambira pa munthu amene fakitale ikumudikira kuti abwerere. Gawo lachiwiri, la otha ntchito, linakhudza antchito oposa 2 miliyoni okha a ntchito monga zomangamanga, kupanga zombo ndi makina, masheleni 7 pa sabata kwa masabata osaposa 15. Ambiri a iwo anali amisiri, anthu a mabungwe olimba ndiponso ovota. Waganyu wa padoko amene lero wapeza ntchito mawa ayi sanawerengeredwe.

Panalinso ena amene anasema lamuloli kuti liwakomere. Lloyd George poyamba ankafuna kuti amayi amasiye ndi ana awo azilandira kanthu. Makampani a inshulansi, amene anali ndi anthu masauzande oyenda khomo ndi khomo kutolera makobiri a maliro, anaona kuti malonda awo aphedwa, ndipo anthu oyenda m'makomo onse a dziko ndi oopsa pa nthawi ya chisankho. Mfundo ya amasiye inachotsedwa, makampaniwo n'kuloledwa kuyendetsa nawo inshulansi ya boma. Madokotala nawo anakana mpaka anawonjezeredwa malipiro. Za workhouse zija, komiti yaikulu imene inakhala kuyambira 1905 mpaka 1909 inatulutsa malipoti awiri, lina lolembedwa motsogozedwa ndi Beatrice Webb lofuna kuti dongosolo lonselo lithe. Boma la Liberal silinakhudze kanthu. Lamulo la amphawi linadzathetsedwa kotheratu mu 1948.

Pali muyeso wina umene mabuku a ku Britain sautchula kawirikawiri, koma ife sitingaulumphe. Mu 1909, pamene agogo a ku York ankalandira masheleni 5 ku positi ofesi, dziko lathu linali pansi pa boma lomwelo la ku London, litangopatsidwa dzina la Nyasaland mu 1907. Churchill yemweyo anali wachiwiri kwa nduna yoona za maiko a atsamunda kuyambira 1905 mpaka 1908. Agogo a ku Chiradzulu sanaone penshoni. Chimene anthu a kuno ankachidziwa kuchokera ku boma chinali msonkho wa nyumba, ndipo m'minda ya azungu munali thangata. Ukalamba wake unali womwewo, njala yake yomweyo, nduna zake zomwezo. Chosiyana n'chakuti anthu a kuno analibe phungu ku nyumba ya malamulo ya ku Westminster, ndipo kufooka kwa matupi awo sikunkaopseza mpando wa munthu aliyense. Ku South Africa penshoni ya okalamba inayamba mu 1928 kwa azungu ndi makaladi, anthu akuda n'kudzawonjezeredwa mu 1944 pa ndalama zochepa kwambiri. Boma la Britain linadzaika mawu oti chisamaliro cha anthu m'dzina la lamulo la ndalama zotukulira maiko a atsamunda mu 1940, pambuyo pa zipolowe za antchito ku West Indies ndi sitiraka ya pa migodi ya kopa ku Northern Rhodesia mu 1935, komwe apolisi anapha anthu 6 ku Luanshya.

Pa za Mtukula Pakhomo, umene unayamba moyesera ku Mchinji mu 2006, mafunso ake ndi omwewo, ndipo mungawayankhe bwino inuyo amene mukuona m'midzi yozungulira sukulu yanu: alembedwa ndani, asiyidwa ndani, ndalama zake zikuchokera m'thumba la yani, ndipo zimakwera nthawi yanji. Mukamaliza kuyankha, mumuitanenso mnzanuyo ku tiyi, ndipo mumufunse kuti amayi a zaka 70 aja a mu 1909 ankavotera chipani chiti.